Mutu 6: Mzere Wachisanu

1. Fomu yachikasu

Lolemba m'mawa belu linalira kawiri. Ana onse a chaka chachiwiri anasiya makope n'kupita ku holo.

Kamsomali anakhala pabenchi lakumbuyo ndi mnzake Wailesi. Dzina lakuti Kamsomali anamupatsa ndi anzake, poti anali wowonda, wowongoka, komanso mwana wa kalipentala. La Wailesi silinkasowa kumasulira. Akatsegula pakamwa, panalibe pozimitsira.

Kutsogolo kunaima achiwiri kwa ahedi, mayi wa imvi, atakumbatira mulu wa mapepala achikasu.

"Ana inu, tcherani khutu, sindidzabwerezanso," anatero mayiwo. "Fomu iyi ili ndi mizere isanu ndi umodzi. Pamzere uliwonse mulembapo phunziro limodzi. Amenewo ndiwo muphunzire zaka ziwiri zikubwerazi, ndipo ndiwo mudzalembe pamayeso otsiriza.

"Koma satifiketi ili ndi zipata zinayi. Pali chipata cha zilankhulo, cha masamu, cha sayansi, ndi cha maphunziro a za moyo wa anthu, monga mbiri ndi jogalafe. Pachipata chilichonse mudutsepo ndi phunziro limodzi kapena kuposa. Mukalumpha chimodzi, ngakhale enawo mutakhoza mpaka dziko kunjenjemera, satifiketi simudzaiona. Adzangokupatsani kapepala ka malikisi, koti muzikupizira nako kukatentha.

"Ku ofesi ya mayeso safunsa munthu chifukwa chake. Amalemba zimene walemba. Inu mulipo mazana atatu, ine ndili ndi maso awiri, limodzi layamba kale kuchita nkhungu. Musayembekeze kuti ndikugwirani dzanja. Pasukulu pano ndakhalapo zaka makumi awiri ndi zitatu. Chaka chilichonse pamabwera mmodzi kudzalira pakhonde la ofesi yanga, kholo lake lili pambali. Sindinaonepo misozi itafufuta inki.

"Kholo lisaine pansipa. Mafomu afike kwa akalaliki pofika Lachinayi. Lachisanu m'mawa tikhoma maina pabolodi kuti aliyense aone ngati takopera bwino. Belu la masana likangolira, envelopu inyamuka. Ikatuluka pageti, yatuluka."

Pakhomo panaima aphunzitsi a sayansi, manja kumbuyo. Ana ankawatcha a Mabingu, ngakhale kuti panalibe amene anawamvapo akukweza mawu. Chimene ankaopedwa nacho chinali china. Iwo sankaitana mwana ndi dzina. Ankamuitana ndi malikisi amene anapeza pamayeso apitawo.

Kamsomali anali atapeza khumi, zisanu ndi zinayi pa zana. Teremu yonse ankangomva kuti, "Naintini, fufuta pabolodi. Naintini, tsuka mabotolo." Ndipo nthawi iliyonse kalasi inkaseka.

Potuluka anadutsa pafupi nawo atawerama. Iwo anayang'ana fomu yomwe inali m'dzanja lake.

2. Nzeru za Wailesi

"Zaka ziwiri, mnzanga!" anatero Wailesi ali pampopi wa kuseri kwa makalasi. "Zaka ziwiri zathunthu ukuitanidwa ndi nambala ngati nyumba ya lendi. Tsiku la ukwati wako azidzati, Naintini akukwatiwa lero."

"Ndisiye, iwe."

"Ndikukuthandiza. Sayansi itaye. Tenga mbiri. Aphunzitsi ake amagona okha m'kalasi, sangakuvute."

"Ababa sangalole."

"Ababa ako aja amawerenga chilembo chimodzichimodzi ngati akukhoma misomali? Tamvera. Mizere isanu ulembe ndi bolopeni, wa sayansiwo ulembe ndi pensulo. Akasaina, m'mawa labala agwire ntchito yake. Wapha ndani pamenepo?"

Kamsomali anatseka mpopi. "Nanga zipata zija?"

"Zoopsezera ana zimenezo. Msuweni wa aneba athu sanalembe sayansi. Lero ali mu ofesi, amangozungulira pampando wa matayala."

"Satifiketi yake unaiona?"

"Iwe, kodi munthu amayenda nayo pachipumi? Inenso ndikuchita zomwezo. Tizikakhala tonse ku mbiri, kumbuyo, pazenera."

Wailesi anapisa m'thumba n'kutulutsa labala woyera, watsopano. Anamuluma pakati, theka n'kupatsa mnzake.

3. Dzina la bambo

Lachitatu ataweruka, Kamsomali anapita ndi fomu kuseri kwa nyumba, kumene bambo ake ankapalira matabwa m'chisakasa cha malata.

Chimwalirireni amayi a Kamsomali zaka zisanu zapitazo, bambowo mawu awo anachepa ngati madzi a m'chitsime cha m'chilimwe. Munthu akabwera kudzafuna chitseko, ankamva mawu atatu okha: muyeso, tsiku, ndi zikomo.

Anali ndi chizolowezi chimodzi. Muyeso uliwonse umene wina wawapatsa papepala ankaukopera pakathabwa kotsala, n'kukakoleka pamsomali kukhoma. Ankati pepala limanyowa. Khoma lonse linali tithabwa tolendewera.

"Ababa, akuti musaine."

Bambowo anapukuta utuchi m'manja. Analandira fomuyo n'kuiyika patali ndi maso.

"Werenga, mayi."

Ankamutcha choncho kuyambira ali khanda, poti anafanana ndi mayi wowabereka iwowo.

"Chingerezi. Chilankhulo chathu. Masamu. Jogalafe. Sayansi. Zamalonda."

Anasolola pensulo yawo yafulati kuseri kwa khutu. Anatola kathabwa pansi, n'kuyamba kukopera, mzere ndi mzere, akusindikiza mpaka mtengo kulira. Atafika pamzere wachisanu anaima.

"Apa pensulo bwanji?"

"Bolopeni inatha inki, Ababa."

"Mzere wotsatirawu inadzukanso?"

"Ndinabwereka ya mnzanga."

Bambowo anamuyang'ana nthawi yaitali. Panja mphepo inagwedeza lata lomwe linali litazuka msomali. Kenaka anatsegula kachitini komwe ankasungiramo mapepala a pabanja, natulutsamo bolopeni. Anasaina pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano.

"Dzina langa ndi limeneli, mayi. Ndilibe lina."

Anakoleka kathabwa kaja pamsomali, n'kubwerera ku ntchito yawo.

Nthawi yomweyo achimwene ake a Kamsomali analowa, manja ali bii. Ankagwira ntchito yomata matayala pamphambano ya msewu wa kusukulu. Pakhomopo nkhani ya sukulu yawo sinkakambidwa. Kamsomali ankangodziwa kuti mayeso otsiriza sanawayendere.

Anasuzumira fomuyo paphewa la mlongo wawo. Maso awo anaima pamzere wachisanu. Anayang'ana bambo awo, anayang'ana mlongo wawo, kenaka anatuluka osasamba m'manja momwe anadzera.

4. Labala

Lachinayi Kamsomali anafika kusukulu ena asanabwere. M'kalasi munalibe munthu. Anayala fomu padesiki n'kutulutsa theka la labala lija.

Mawu akuti Sayansi anachoka msanga. Koma pomwe panadutsa pensulo panatsala tingalande. Anafufutanso mpaka pepala linachita ubweya. Pamwamba pake analembapo ndi bolopeni kuti Mbiri, akunenepetsa zilembo kuti zikwirire chilonda.

Akalaliki anali bambo wokalamba, wa magalasi omanga ndi ulusi. Ankalandira mafomu pakazenera ka ofesi, n'kumadinda iliyonse. Ya Kamsomali sanaidinde msanga. Anaikweza kuloza kudzuwa.

"Apa panali mawu ena."

"Ndinalemba mokhota, ndiye ndinakonza."

"Bambo ako anasaina usanakonze, kapena utakonza?"

Kumbuyo kwake kunali mzere wa ana. Wina anamukankha ndi chikwama.

"Nditakonza."

Akalaliki anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Mwana wanga, ine ntchito yanga ndi kudinda. Kusankhira munthu si kwanga, ndipo lamulo silindilola kukana fomu yosainidwa. Koma pakamwa ndi panga, ndiye ndinena. Pafomu iyi palibe sayansi. Mwina uli ndi amalume ku ofesi ya mayeso, sindikudziwa. Ine kumeneko ndinapitako. Kulibe nkhope. Kuli makina owerenga mapepala, ndipo makina alibe m'bale.

"Ana inu mumathawa mphunzitsi, mumayesa mwathawa phunziro. Mphunzitsi ndi wa zaka ziwiri. Adzapuma ntchito, adzaiwala ndi nkhope yako yomwe. Koma chipata chimene walumpha chimakutsata. Ukafuna sukulu ya unamwino, chili pakhomo. Ukafuna ya uphunzitsi, chafika kale. Ngakhale ukalaliki wangawu, wodinda mapepala, akufunsa satifiketi masiku ano. Ndaona ana anzeru kuposa iwe akudutsa pamsewu uwo atazolika, kuopa kuti ndingawapatse moni.

"Safunsa anadya phula. Tenga fomuyi, ukaganize. Ndimatseka folo koloko."

"Ndaganiza kale," anatero Kamsomali.

Akalaliki ananyowetsa chidindo.

Chinalira kamodzi kuti phwa, ndipo fomu inalowa m'kabati.

5. Pepala la achimwene

Lachisanu m'mawa kunja kunali mitambo yakuda, yopanda mvula. Kamsomali akudutsa pamphambano, achimwene ake anamuitana. Anali atagwada pambali pa tayala la lole, chitsulo chili m'manja.

"Chemwali, taima."

"Ndichedwa, achimwene."

"Wafufuta?"

Kamsomali anayang'ana pansi.

Achimwenewo anapukuta manja pa ovolosi. M'thumba la pachifuwa anatulutsa kajumbo, m'kajumbomo munali pepala lopindidwa kanayi, lothetheka m'mopindamo.

"Werenga."

Linali pepala la zotsatira za mayeso. Maphunziro asanu ndi limodzi, onse okhoza bwino. Atatu mwa iwo anali ndi malikisi apamwamba kwambiri.

"Koma inu si munalephera?"

"Ndi zimene timauza anthu. Kulephera kumamveka bwino kusiyana ndi uchitsiru. Yang'ana bwino. Masamu alipo?"

Masamu panalibe.

"Ine ndinathawa masamu. Amayi anali atangotisiya, Ababa mutu sunkagwira. Ndinalemba ndi pensulo, iwo anasaina, ine n'kufufuta. Ndinkadziona wochenjera kuposa sukulu yonse. Zaka ziwiri ndinadya bwino, ndinagona bwino. Zotsatira zitatuluka, anzanga amene ndinkawaphunzitsa ndi ine analandira masatifiketi. Ine anandipatsa ichi.

"Ababa anapita nane kusukulu. Anaima pakhonde la ofesi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chipewa chili m'manja. Anawatulutsira fomu, n'kuwaonetsa dzina lawo pansi. Anawafunsa kuti, kodi si inu munasaina apa? Iwo anati, ndine. Basi. Sanandimenye. Sanandikalipire. Bola akanandimenya, chemwali. Kuyambira tsiku limenelo, pepala lililonse lofuna dzina lawo amayamba alikopera pathabwa.

"Masamuwo ndayesa kulemba pandekha kawiri. Phunziro loti unalithawa zaka ziwiri nalonso limakuthawa. Ndiye ndi ine pano, ndikufunafuna pobooka m'matayala a anthu. Lachitatu lija ndinafuna kunena, koma pamaso pa Ababa lilime linauma. Thamanga. Belu la masana lisanalire, fomu ija ikadali m'kabati."

Kamsomali anathamanga.

Atafika pakazenera ka ofesi anabwerera m'mbuyo. M'katimo munali a Mabingu. Anali ataima ndi akalaliki, akuyang'ana pepala lachikasu kuloza kuwala. Kamsomali anazemba n'kukalowa m'kalasi. Anati apita nthawi yopuma.

Nthawi yopuma itakwana, ana onse anathamangira pabolodi la pakhonde, pomwe maina anali atakhomedwa. Kamsomali anapeza lake. Pamzere wachisanu panali Mbiri. Anatsitsa chala kufuna la mnzake. Pamzere wachisanu wa Wailesi panali Sayansi.

Anamupeza pampopi.

"Iwe, si unati tikakhala tonse pazenera?"

"Aaa, mnzanga, usandiyang'ane choncho ngati ndakudyera kanthu. Amayi anga anandilanda fomu, n'kulemba okha ndi bolopeni, n'kubwera nayo okha kuno. Ukuwadziwa amayi anga. Ndikanatani?"

"Osandiuza bwanji?"

"Ndimati ndikuuze. Komanso labalayo ndinangokupatsa, sindinakugwire dzanja."

Anakangana mpaka belu lolowera linalira. Kamsomali anayang'ana ku ofesi. Pakazenera panali ana ambiri okonzetsa maina olakwika, ndipo onse akanamva. Anati apita phunziro lino likatha. Litatha, aphunzitsi ena analowa oyambawo asanatuluke. Akanatha kukweza dzanja n'kupempha kutuluka. Dzanjalo linafika paphewa, n'kubwerera.

Zengerezu analinda kwawukwawu.

Belu la masana linalira akulemba tsiku pamwamba pa kope. Anadumpha desiki n'kutuluka osapempha. Ali pakati pa bwalo anamva njinga yamoto ikulira. Mesenjala wa sukulu anali atamangirira envelopu yaikulu kumbuyo. Mlonda anatsegula geti, njinga inatuluka, geti linatsekedwa.

6. Kathabwa

Pabolodi la pakhonde panali patatsala munthu mmodzi. Anavala ovolosi yotuwa ndi utuchi. Njinga yake yakapalasa inali itatsamira mzati.

Anali bambo ake.

M'dzanja lamanzere anagwira kathabwa kaja. Chala cha kumanja chinali papepala la pabolodi. Ankawerenga mzere umodzi pathabwa, n'kuwerenga umodzi papepala, milomo ikugwedera. Woyamba. Wachiwiri. Wachitatu. Wachinayi.

Chala chinaima.

Kamsomali anafika n'kuima pambali pawo. Bambowo sanatembenuke.

"Mzere wachisanu, mayi."

"Ababa, ndimati..."

"Tebulo la miyendo itatu sindinapangepo."

Achiwiri kwa ahedi anatuluka mu ofesi, makiyi ali m'manja. Ataona bambowo anaima. Anawazindikira.

"Bambo, mwabweranso?"

"Ndabweranso."

Anawapatsa kathabwako. Mayiwo anawerenga, anayang'ana pabolodi, kenaka anayang'ana mtsikanayo. Anapuma mozama.

"Envelopu yapita, ndipo ine sindingaibweze," anatero. "Kwatsala kanjira kamodzi, kopapatiza. Ku ofesi ya mayeso amalandira kalata yokonza fomu mpaka Lolemba masana. Koma kalatayo sindilemba ndine. Amalemba ndi mphunzitsi wa phunzirolo, kutsimikiza kuti mwanayo amulandira ndipo malo alipo. Mu labotale muli mipando makumi anayi, ndipo m'mawa uno, pa kalasi iliyonse, yonse yapeza eni ake. Aphunzitsi a sayansi ndagwira nawo ntchito zaka khumi ndi ziwiri. Kalata yotere sindinawaonepo atalemba.

"Iwe mwana, ndinanena Lolemba lija mu holo, ndipo unali pomwepo. Tsono mutu ukakula sulewa nkhonya. Akakana, uyambe lero kudziwa kuti zaka ziwiri zikubwerazi udzavala yunifolomu, udzalemba mayeso, koma kumapeto kwake kulibe kanthu. Bambo, mulowa naye?"

"Ayi," anatero bambowo. "Ine ndinasaina kale."

Anatambasula dzanja kwa mwana wawo, chikhatho chili m'mwamba. Kamsomali anadziwa chimene ankafuna. Anapisa m'thumba la siketi, n'kuikamo theka la labala lija. Bambowo analiponya m'thumba la ovolosi, momwe munali misomali yopindika.

Kenaka anamupatsa kathabwa.

"Ukawaonetse chimene ndinasainira."

Anakakhala pasitepe ya khonde la ofesi. Anavula chipewa n'kuchigwira m'manja.

Labotale inali kumapeto kwa khonde lalitali. Ana anali atapita kukadya, ndipo nsapato za Kamsomali zinkamveka zokha pasimenti. Anadutsa kalasi yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Fungo la mankhwala linamuchingamira asanafike. Kumwamba mitambo ija inayamba kugunda chapansipansi.

Atafika pachitseko anacheuka. Bambo ake anali pomwe paja, osagwedezeka, akuyang'ana kugeti.

Anakweza dzanja kuti agogode.

"Lowa, Naintini," anatero mawu ofatsa m'katimo, iye asanakhudze chitseko.

A Mabingu anali atakhala kuseri kwa tebulo lalitali. Mipando yonse makumi anayi inali itakwezedwa pamwamba pa matebulo, miyendo m'mwamba, kupatula umodzi. Patsogolo pa mpando umenewo panali pepala la mafunso lovundikira, ndipo pambali pake panali wotchi ya aphunzitsiwo, ataivula pamkono.

Anayang'ana kathabwa kamene mtsikanayo anakumbatira pachifuwa. Anatambasula dzanja, n'kukalandira. Anawerenga mizere yonse isanu ndi umodzi, osafulumira, n'kukaika pafupi ndi wotchi.

"Tseka chitseko. Khala apo."

Kamsomali anakhala. Anapisa m'thumba la malaya kufuna cholembera, n'kutulutsa pensulo.

"Imeneyo uike pansi," anatero a Mabingu, akumukankhira bolopeni patebulo. "Muno lero tilemba ndi inki. Tembenuza pepalalo."